Ndibwera Mlandu Ukatha

Grimsby,
9 Okutobala 2013

Okondedwa Nasibeko,

Landirani moni wochokera kutali. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana wathu Tiyanjane? Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kutchalitchi? Ine kuno ndadzuka, kungoti thupi silinabwerere mwakale.

Musadabwe kuti ndabwerera ku makalata ngati nthawi ya chibwenzi chathu. Pa foni lilime likumandilemera. Ndimamva inu mukuti "mwati bwanji?" kawiri katatu, kenako mumangoti zii, ndipo kukhala chete kwanuko ndimakudziwa. Dzanja lamanja lili bwinobwino, ndiye bola ndizilemba.

Ndinakuuzani kuti BP inandigwetsa kuntchito mwezi wa Epulo. Madokotala akuti inali sitiroko. Dzina limeneli amayi asalimve. Muziwauza kuti ndi BP basi. Mkono wamanzere ukuchita ulesi, mwendo nawo ukumatsalira m'mbuyo pang'ono. Kudula nsomba kumafuna manja awiri, lina logwira, lina la mpeni. Kufakitale anandidikira miyezi ingapo, kenako bwana anandiitanira mu ofesi, nandipatsa tiyi ndi khadi lomwe anzanga onse anasainamo. Zaka khumi ndi ziwiri zinathera pa kapu ya tiyi imeneyo.

Panopa ndikudya ndalama imene boma limapatsa odwala. Koma odwalawo amawagawa pawiri. Pali gulu la amene sangagwirenso ntchito. Amenewo amawasiya pamtendere. Pali gulu lina la amene akuti akhoza kudzagwira akakonzekera. Amenewa amawaitana ku ofesi ya ntchito kukafunsidwa mafunso, ndipo ukajomba amakudula ndalama. Namwino amene anandiyeza anali mtsikana wa msinkhu wa Tiyanjane. Anandifunsa ngati ndimatha kudziphikira tiyi, ndinati eya. Ngati ndimasamba ndekha, ndinati eya. Nanga ndikanati chiyani kwa mwana? Anandilozera katoni yopanda kanthu kuti ndinyamule, ndipo ndinainyamula mothandizira ndi chifuwa. Basi, andiika m'gulu la okonzekera ntchito.

Pali mayi wina, Mayi Hargreaves, amene amathandiza anthu pa nkhani zotere mwaulere. Atandiona ndikulimbana ndi zipi ya jekete anati, "Bambo inu, nkhani iyi tichita apilo." Tachitadi. Mlanduwo ukamvedwa ndi woweruza pamodzi ndi dokotala, koma tsiku silikudziwika. Ndinawafunsa kuti, poti ndachita apilo, ku mafunso kuja ndiyambe ndasiya? Anapukusa mutu. "Khoti lisananene kanthu, inu ndinu munthu wokonzekera ntchito. Akakuitanani pitani, ngakhale chokwawa."

Za kumeneko: kangachepe kamene ndatumiza mukatenge nokha pa boma, musatume Yotamu. Mng'ono wangayo mtima ndi wabwino, koma njira yake imadutsa pa mowa wa pa Kampepuza. Muyambe feteleza, kenako udzu wa denga la amayi mvula isanagwe. Munda wa kudambo musaubwereketse chaka chino.

Ndibwera mlandu ukatha. Akuti sizichedwa.

Ine mwamuna wanu,
Lameki


Grimsby,
20 Novembala 2013

Nasibeko wanga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, ndiponso kuti mvula yoyamba inakupezani mutamaliza mizere. Amayi muwauze kuti bulangete lija ndi lofunda, osati losunga m'sutikesi kudikira alendo. Ine ndilipo. Kuno dzuwa layamba kulowa anthu asanaweruke.

Ku mafunso kuja ndayamba kupita. Pakhomo pali mlonda, mkati muli mipando yokhomerera pansi, ndipo aliyense amayang'ana nsapato zake. Tsiku loyamba ndinakhala pafupi ndi mdala wina wofiira nkhope, wopuma ngati mvukuto wobooka. Dzina lake Trevor. Unyamata wake anathera pa sitima zophera nsomba kunyanja yozizira ya kumpoto, kenako padoko, mpaka mapapo anatha. Anandiyang'ana mwendo, nandiyang'ana mkono.

"Nawenso wachira?" anatero.

"Ayi, ndikudwala."

"Usanene zimenezo muno, aise. Muno ndi mu Yerusalemu. Opunduka amayenda, akhungu amaona. Ine ndinalowa wopanda mapapo, ndinatuluka ndili woyenera kuthamangitsa akuba m'sitolo."

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndinachita kumufunira m'thumba kabotolo kake kopopera m'kamwa. Kuyambira pamenepo timadikirana.

Wondifunsa mafunso ndi mtsikana dzina lake Kirsty. Si munthu woipa. Dzina langa la Chiphwanya linamukanika, ndiye amangoti a Lameki, ndipo amandikokera mpando. Koma maso ake amakhala pa kompyuta, ndipo kompyutayo ili ndi mafunso akeake.

"A Lameki, mumalakalaka ntchito yanji?"

"Imene ndinali nayo."

"Imeneyo ndiye ayi. Nanga yoyankha mafoni?"

Ndinamuyang'ana. Ndinati, "Mwanawe, dzina la msewu wanga wandifunsa katatu usanalimve." Anafiira mpaka makutu, koma analembabe: mafoni.

Chimene chikundidya ndi ichi. Ndikanena kuti chakuti ndingathe, ndimaopa kuti mawuwo akanditsogolera kukhoti, akati nanga si unavomera wekha. Ndikanena kuti sindingathe kalikonse, akuti ndikukana chithandizo, ndipo akhoza kundidula. Ndikafika pa nthawi yake, ndiye kuti basi ndimakwera ndekha bwinobwino. Ndikalephera kufika, ndajomba. Kulikonse kumene ndingapondeko kuli minga. Trevor akuti mankhwala ake ndi kuvomera ndi mutu, pakamwa potseka. "Ndi mmene ndinakhalira zaka zisanu ndi zinayi ndi mkazi wanga wachiwiri," anatero.

Mwafunsa ngati ndikudya. Ndikudya. Zinthu zakwera, ndipo moto wotenthetsa m'nyumba ndimayatsa madzulo okha, koma majuzi ndili nawo. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale Yotamu abwere ndi wogula wolankhula bwino. Tiyanjane apitirize kuphunzira kusoka. Makina ndidzamuganizira zinthu zikakhala bwino.

Moni kwa onse ondifunsa.

Lameki


Grimsby,
15 Januwale 2014

Okondedwa amake Tiyanjane,

Ndikhulupirira chaka mwachiona. Inenso ndachiona, mwa chisomo. Pepani kuti Khirisimasi inadutsa popanda kalata, popanda ngakhale ya shuga. Mwalemba kuti anthu akunena kuti mwina ndapeza wina kuno. Muwauze kuti wina amene ndapeza ali ndi ndevu zoyera ndipo amatsokomola.

Zinayenda chonchi. Khirisimasi ili pafupi anandiitananso ku mafunso. Kunazizira mpaka madzi a mumsewu anaundana, pansi ponse ngati galasi. Ndinanyamuka m'mawa ndithu kuti ndisachedwe, koma pa siteji ya basi mwendo waulesi uja unandipereka. Ndinadzidzimuka ndili mu ambulansi. Nthiti ziwiri zinathyoka, ndipo anandigoneka kuchipatala kupitirira sabata, kuopa kuti matenda aja abwereranso.

Ndili chigonere, ofesi inatumiza kalata kunyumba yofunsa chifukwa chimene ndajombera. Pamene ndinkatuluka, masiku oyankhira anali atadutsa. Anadula.

Ndinapita kwa Kirsty ndi pepala la kuchipatala. Analiwerenga, nagwira pakamwa. "A Lameki, ine ndikukukhulupirirani. Koma odula si ine. Ali kutauni ina, sindinawaonepo ndi nkhope yomwe." Mayi Hargreaves anawalembera odulawo, ndipo dzulo ndamva kuti abweza. Koma masabata apakatiwa anali aatali.

Trevor ndi amene ananditengera kutchalitchi china kumene amagawa zakudya za m'zitini. Ndinaima pakhomo osalowa. Ine, mwana wa Nangondo, amene ndamangira anthu nyumba za malata kumudzi, kukaima pamzere wa nyemba? Anandikankha ndi chigongono. "Lowa, bwana. Manyazi sakazingika." Zimenezi zikhale za inu ndi ine.

Tsopano za amayi. Mwati miyendo yatupa mpaka m'mawondo ndipo akagona chagada akubanika. Zimenezo si za ukalamba chabe ayi. Musadikire ndalama yanga: mbuzi ija gulitsani, mupeze galimoto, mupite nawo kuchipatala cha pa boma. Akakana, muwauze kuti ndalamula ndine. Mankhwala amene angalembe, ngati kulibe, mugule. Ndidzatumiza ndalama ikangolowa.

Za mlandu kuli zii. Mayi Hargreaves akuti milandu yachuluka, anthu ali pamzere ngati kuchigayo.

Mundiyankhe msanga.

Ine wanu,
Lameki


Grimsby,
19 Febuluwale 2014

Nasibeko,

Moni nonse. Nthiti zapola, musadere nkhawa za ine. Zikomo kuti munakwera chulu chija ndi foni kuti amayi andimve. Mawu awo achepa. Munamva zimene ananena: "Lameki, ubwera liti? Ndikufuna ndikuone ndi maso." Ndipo nditayankha anati, "Bwanji ukulankhula ngati waledzera?" Ndinati ndi netiweki. Foni itaduka ndinakhala nthawi yaitali ndili chiigwirire.

Abale athu a ku Malawi amene ndimapemphera nawo ku Hull atamva, anasonkha ndalama ya tikiti osandifunsa n'komwe. Ndiye Lolemba ndinapita kwa Mayi Hargreaves ndili ndi chimwemwe, kukawauza kuti ndikupita kwathu. Anatseka chitseko.

"Lamulo silikukuletsani kuchoka masabata ochepa," anatero. "Koma mverani. Tsiku la mlandu likhoza kutuluka mawa, inu muli kumudzi osadziwa. Mu Malichi akulemberani maphunziro ku ofesi ya ntchito, ndipo dzina lanu analidetsapo kale kamodzi. Chinanso, mukadzakhala pamaso pa woweruza n'kunena kuti simutha kuyenda mtunda, akhoza kukufunsani kuti nanga ku Africa munafika bwanji, ndege ziwiri ndi minibasi."

"Ndiye mukuti ndisapite?"

"Sindinatero. Amayiwo ndi anu. Ine ndangokuuzani zimene ndaonapo."

Potuluka ndinadzera kwa Trevor. Amakhala yekha ndi galu wake wokalamba m'nyumba za boma kufupi ndi doko. Sanandilole kumaliza.

"Pita, chitsiru iwe! Bambo anga anamwalira ine ndili pakati pa nyanja, ndinapeza maluwa a pamanda atafota kale. Zaka makumi anayi zapita, koma mpaka lero ndimakangana nawo kutulo. Makhoti satha, aise. Mayi amatha."

Ndinati, "Ndikaluza mlandu, udzandisunga iwe?"

Anasisita galu. Kenako anati, "Ndili ndi mpando umodzi ndi uyu."

Nasibeko, ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndalama ya odwalayi ndi imene ikulipira chipinda chino, ndi imenenso ikugula mankhwala a amayi kumeneko. Ikaduka, tagwa tonse. Ndikati ndibwerere kumudzi kotheratu ndi thupi ili, mankhwala anga ndizikawapeza kuti, ndipo khasu ndikaligwira ndi dzanja liti? Mukhala ndi odwala awiri pakhomo limodzi. Ndiye ndati ndidikire kaye. Ndalama ya tikiti ndawapempha abale aja kuti aisunge. Mwina kalata ya khoti ibwera sabata yamawa. Ikangobwera ndi kutha, ndinyamuka tsiku lotsatira.

Amayi muwauze kuti abwana sanandipatse tchuthi, koma chimanga chikamacha ndifika. Muziwaphikira phala lothira nsinjiro, mchere wochepa monga ananenera dokotala. Usiku muziwatsamiritsa pa mapilo awiri. Tiyanjane azigona nawo.

Musandiweruze msanga.

Lameki


Grimsby,
16 Malichi 2014

Nasibeko,

Sindifunsa kuti muli bwanji. Ndikudziwa.

Zikomo kuti munawasamalira mpaka mapeto, ntchito imene inali yanga. Ndalama imene inafika ya bokosi ndi chakudya cha pamaliro ndi ya tikiti ija.

Tiyanjane wakuuzani kuti foni yake sindinayankhe tsiku loika maliro. Ndikuuzeni kumene ndinali.

Uthenga unandipeza Lolemba madzulo. Lachitatu, tsiku loika, linali tsiku la maphunziro aja. Lachiwiri ndinaimba ku ofesi kuti ndipemphe. Foni inandiimbira nyimbo, nyimbo, kenako anayankha munthu amene sankamva zimene ndinkanena. Lilime ili likasenza chisoni limalemera kuposa kale. Anati ndibwereze, ndinabwereza, foni inaduka. Ndinakumbukira za Disembala. M'mawa mwake ndinavala suti yanga yakuda n'kupita.

Tinalipo anthu angapo m'chipinda cham'mwamba: bambo wina wa ndodo, mayi wina wonjenjemera manja, Trevor, ine ndi ena. Trevor ataona sutiyo anafunsa, ndipo ndinamunong'oneza. Mphunzitsi anali munthu wansangala, wa tayi yofiira. Phunziro linali la mmene ungalowere kwa bwana pofunsira ntchito: kugogoda, kupereka moni wa dzanja mwamphamvu, kumwetulira. Tinkayeserera mmodzimmodzi. Itatsala pang'ono nthawi yanga, foni inanjenjemera m'thumba. Ndinasuzumira. Tiyanjane analemba kuti, "Ababa, tanyamuka, tikupita nawo kumanda."

"Bambo a suti, bwerani," anatero mphunzitsi. "Anzanu onani, kuvala kwake n'kumeneku!"

Ndinagogoda pa tebulo ngati chitseko. Ndinalowa. Ndinamugwira dzanja.

"Mwakhoza. Tsopano mwetulirani. Mbali zonse ziwiri, bambo."

Amene anaimirira ndi Trevor. Zimene ananena sindingazilembe m'kalata yopita kwa mkazi wanga. Mphunzitsi anayera nkhope, mlonda anakwera, ndipo tinatuluka awiri, iye akutsokomola, ine ndikukoka mwendo. Pamasitepe Kirsty anatithamangira, misozi ili m'maso. "A Lameki, mukanandiuza! Ndikanakulolani kukhala kunyumba." Ndinati, "Ndinaimba."

Panja Trevor anandifunsa kuti, "Kwanu mumatani pa maliro?"

"Timangokhala pamodzi. Amayi amaimba m'nyumba, abambo amakhala panja."

"Kuimba sindingathe, mapapo palibe. Kukhala ndimatha."

Anakatenga galu wake, nagula nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, tinabwera kuchipinda kuno. Iye anakhala pa bedi, ine pa mpando, galu pakhomo. Chakudyacho chinazizira osachigwira. Sanalankhule, sanayatse TV, mpaka dzuwa linalowa. Amenewo ndiwo maliro a amayi amene ine ndinakhala nawo.

Muthokoze a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi aliyense amene anabweretsa ufa kapena nkhuni. Zovala za amayi musagawe msanga. Mpango wawo wobiriwira uja mundisungire.

Lameki


Grimsby,
7 Meyi 2014

Okondedwa Nasibeko,

Ndikupatsani moni, inu ndi mwana. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kalata yanu sindinaione chichitikire maliro. Sindikudandaula. Ine ndikudzuka.

Yotamu ndiye anaimba. Anati, "Achimwene, kumudzi kuno akuti munasankha mapaundi." Ndinayesa kumufotokozera, koma anandidula: "Mwayamba kumwa eti? Mawu anuwo." Ndinatseka foni. Tsopano muwauze onse dzina la matenda anga. Amene ndinkawabisira anapita.

Tsiku la mlandu latuluka: pa 11 Juni. Kalatayo inafika maluwa a pamanda a amayi atauma kale. Ndinaiwerenga, ndinaipinda, ndinaiika pansi pa shuga.

Komabe sabata yatha anandiitananso ku mafunso, ndipo ndinapita. Kirsty kulibe, akuti anasiya, akugulitsa m'sitolo ya nsapato. Pampando pake pali bambo wina wa magalasi amene anayambira pachiyambi penipeni: "Mumalakalaka ntchito yanji?" Ndinavomera ndi mutu, pakamwa potseka. Trevor naye ofesi inamudula ndalama chifukwa cha phokoso la tsiku la maphunziro lija. Ndimagawana naye zimene ndili nazo, iye n'kumadandaula kuti ndimaphika ngati munthu wa dzanja limodzi.

Mayi Hargreaves ayamba kundikonzekeretsa. Akuti, "Kwa namwino uja munadzionetsa chamuna. Kukhoti musakatero. Mukanene za tsiku lanu loipitsitsa." Anandifunsa chimodzichimodzi. Mabatani a malaya. Kusamba nditakhala pa mpando wa pulasitiki. Msuzi umene umatsika pakona ya mlomo ine osaumva. Masiku amene ndimaiwala poto pamoto mpaka utsi kudzaza nyumba. Ndi zina za kuchimbudzi zimene mwamuna salembera mkazi wake. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi. Anati, "Mukanene chimodzimodzi, koma mokweza, mutadzutsa mutu."

Ndiye mwamva tsopano. Mwamuna amene munamuperekeza ku Chileka ulendo womaliza uja, atanyamula masutikesi awiri yekha, si amene akulemba kalata ino.

Chimanga mukolole msanga anthu asanakuthandizeni usiku, ndipo mankhwala a anankafumbwe musaumire. Nyumba ya amayi ikhale chitsekere. Yotamu asaikemo fodya wake.

Ngati mtima sukulola kulemba zambiri, lembani mzere umodzi wokha.

Ine,
Lameki


Grimsby,
18 Juni 2014

Nasibeko mkazi wanga,

Moni wanga ukupezeni muli amoyo, inu ndi Tiyanjane. Kalata yanu inafika tsiku loti mawa mlandu. Mwati ndikanakuuzani zoona kuyambira kale, mukanadziwa chowauza amayi, ndipo iwo sakanamayang'ana kunjira madzulo alionse. Palibe chimene ndingatsutse.

Mlandu tawina.

Sikunali khoti ngati la kwathu ayi. Kachipinda kakang'ono, tebulo, jagi ya madzi. Woweruza anali mayi wa imvi, dokotala bambo wofatsa wa mawu apansipansi. Mayi Hargreaves anakhala pambali panga. Trevor anatsala pakhonde atavala tayi imene akuti anakwatira nayo kawiri. Sanandiyeze thupi. Anangondiyang'ana ndikulimbana ndi chitseko polowa, kenako anayamba kufunsa. Ndinanena zonse, mokweza, nditadzutsa mutu. Pamene mawu ankakana, ankadikira. Zonse zinatha msanga kuposa ulaliki wa Lamulungu. Anatitulutsa, natiitananso.

"Bambo Chiphwanya," anatero woweruza, ndipo dzinalo analitchula bwino, "simunayenere kuikidwa m'gulu limene lija kuyambira pachiyambi. Ku mafunso kuja simudzaitanidwanso."

Za maulendo sanafunse. Za ndege, za minibasi, ngakhale za basi ya m'tauni muno, palibe anatchula. Mayi Hargreaves anayamba kulongedza mapepala, koma ine ndinakhalabe pampando. Anandikoka malaya, sindinasunthe.

Ndinati, "Amayi, ndifunse nawo. Mayi anga anamwalira mu Malichi, kwathu ku Malawi. Anandiitana, koma sindinapite, kuopa mlandu uno. Ndikanapita, mukanandiluzitsa?"

Woweruza anavula magalasi. Anayang'ana dokotala, dokotala anayang'ana mapepala.

"Pepani kwambiri, bambo. Funso limenelo sindingaliyankhe motsimikiza. Mwina tikanakufunsani. Mwinanso ayi."

Pakhonde Mayi Hargreaves anati, "Ndinakuuzani zimene ndinkadziwa." Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinawathokoza, chifukwa popanda iwo bwenzi ndikuphunzirabe kugogoda pa tebulo. Trevor anadzuka. "Wawina? Ndiye boma lavomereza kuti ndiwe wotheratu! Tiye ukandigulire tiyi." Atandiona nkhope anasiya. Tinakwera basi. Iyenso anachita apilo, koma mlandu wake sunatuluke. Lachinayi ali ndi mafunso, ndipo ndimuperekeza kuti asakatukwanenso munthu.

Akuti ndalama imene anandimana miyezi yonseyi abweza. Akutinso pakatha chaka ndi theka adzandiyezanso, ndipo zikhoza kuyambiranso. Kubwera ndikhoza, koma osapitirira masabata anayi. Ndikapitirira, zonse zimaduka. Ndiye ndidzabwera ngati mlendo, mu Seputembala, dokotala akalola. Muuzeni Yotamu kuti chiliza adikire, njerwa ndi simenti ndigula ine. Ku bwalo la ndege mudzabwere nokha, osatenga gulu. Mukadzaona munthu akumukankha pa chikuku, jekete lili pamiyendo, musadzayang'ane kumbuyo kwake kufuna ine.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndisanakwere ndege. Yotamu akuti amayi anamwalira akunditchula mokwiya. Tiyanjane akuti anandidalitsa. Inu ndi amene munali pamphasa pawo mpaka mpweya womaliza. Mundilembere zimene ananena, mmene ananenera, osachotsapo kapena kuwonjezera. Musandimvere chisoni. Nthawi yowerenga ndili nayo yambiri tsopano. Palibe amene akundiitana kulikonse.

Ine mwamuna wanu,
Lameki Chiphwanya